Pasiwedi ya database isamapite ndi munthu akasiya ntchito

A Mkonzi,

Mundilole ndilankhuleko za zomwe zinandisowetsa tulo sabata yathayi, mwina zithandiza anzanga amene amasamala makompyuta m'masukulu ndi m'mabungwe ang'onoang'ono. Ine ndimathandiza pasukulu ina ya pulayiveti kuno ku Zomba, marekodi onse a fizi ndi magiledi a ana ali mu database (nkhokwe ya marekodi ya pakompyuta) pa kompyuta imodzi yokha ya mu ofesi. Mnyamata amene anakonza system yi anapita ku Johannesburg chaka chatha, nambala yake sikugwiranso, ndipo pasiwedi ya root (akaunti yaikulu ya mphamvu zonse pa database) anapita nayo m'mutu, ife timangolowa poti browser inali itaisunga. Ndiye wina pofuna kuti kompyuta izithamanga anapukuta zonse za mu browser, basi Lolemba mmawa makolo ali pamzere kufuna malisiti ine ndikufuna kuona mabalansi, phpMyAdmin, tsamba lomwe timatsegulira database mu browser, ikungonena kuti #1045 Access denied for user 'root'@'localhost' (using password: YES).

Anthu ambiri akaona uthenga umenewu amaganiza kuti data yatayika. Ayi ndithu, zonse zilipo, chitseko chokha ndi chimene chakana kiyi. YES uja akutanthauza kuti pasiwedi mwalemba koma ndi yolakwika, ikanakhala NO ndiye kuti simunatumize pasiwedi iliyonse. Chinandiwawa mtima ndi choti munthu wina anabwera ndi nzeru yoti tingochotsa XAMPP yonse (phukusi la mapulogalamu momwe muli database yathuyi) nkuikanso mwatsopano, abale, tikanamumvera bwenzi marekodi a zaka zonsezi atapita ndipo makolo ena akanalipira kawiri.

Zomwe ndinachita ndi izi, ahedi ali pompo atandilola, chifukwa lamulo lathu la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 sililola kulowa mu system ya eni popanda chilolezo. Ndinazimitsa kaye MySQL, pulogalamu yoyendetsa database, pa control panel ya XAMPP, nkukopera foda yonse ya data pa flash, izi musamalumphe chonde. Kenako ndinatsegula fayilo ya masetingi ya my.ini nkulemba skip-grant-tables (mzere wouza database kuti isamafunse pasiwedi) pansi pa [mysqld], nkuyatsanso, apa ndinalowa ndi mysql -u root osafunsidwa kalikonse. Ndinayamba ndi kulemba lamulo la FLUSH PRIVILEGES chifukwa mukapanda kutero lamulo losintha pasiwedi limakana, kenako ALTER USER 'root'@'localhost' IDENTIFIED BY ndi pasiwedi yatsopanoyo. Panandidyera nthawi ndi pa malangizo akale oti UPDATE mysql.user, amenewo anakana, kumbukirani kuti ngakhale batani lalembedwa MySQL mkati mwa XAMPP muli MariaDB, pulogalamu ina yofanana nayo, ndipo kuyambira pa version 10.4 anasintha malo osungira mapasiwedi. System ya sukulu nayo inali ikulowa ndi root yomweyo ndiye ndinasinthanso mu fayilo yake ya config.

Koma chomwe ndalembera kalatayi kwenikweni ndi mzere wa skip-grant-tables uja. Ukangoona zinthu zatseguka mtima umakhala m'malo ndipo nkosavuta kuiwala kuufufuta, pomwe ukausiya aliyense wofika pa database yo amalowa ndi mphamvu zonse popanda pasiwedi, angathe kusintha balansi ya fizi kapena giledi ya mwana wake inu osadziwa. Ine ndinaufufuta nthawi yomweyo, nkuzimitsa ndi kuyatsanso, nkuyesa dala kulowa ndi pasiwedi yabodza kuti ndione ngati ikukana, itakana ndi pomwe ndinapuma.

Pempho langa kwa ahedi, ma bursar ndi akuluakulu a mabungwe ndi loti musamalole wa IT kuchoka asanapereke mapasiwedi, monga momwe simungalolere wa stores kupita ndi makiyi. Ife pano tailemba papepala, ili mu envelopu yomata mu kabati ya ahedi, system taipangira user wakewake wa mphamvu zochepa kuti root asamagwiritsidwe ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo Lachisanu lililonse ndikumatenga backup pa flash yomwe simagona mu ofesi momwemo.

Wowerenga wanu,
Zomba