Nambala imodzi singayeze ntchito ya wofufuza matenda

Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa chizolowezi choyeza akatswiri ofufuza za matenda opatsirana ndi nambala imodzi, ija amati h-index. Anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch mu 2005, katswiri wa fizikisi, osati wa zachipatala. Kawerengedwe kake nkosavuta: munthu akakhala ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi zolemba 20 zomwe chilichonse chatchulidwa m'zolemba zina kosachepera ka 20.

Koma kutchulidwa si kuvomerezedwa. Kafukufuku wa mu 1998 yemwe anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, wonamizira katemera wa ana wa MMR (woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri) kuti amayambitsa autism, vuto la kakulidwe ka ubongo, anachotsedwa m'magaziniyo mu 2010. Watchulidwa kambirimbiri, kawirikawiri ndi anthu omutsutsa, koma kompyuta yowerengera siisiyanitsa woyamikira ndi wodzudzula.

Chinanso, matenda ena ali ndi khamu la ofufuza pomwe ena alibe. Wolemba za COVID-19 mu 2020 ankatchulidwa mwamsanga. Wofufuza za khate kapena likodzo amatha zaka akulondola odwala, koma anzake oti amutchule ndi owerengeka. Ndiye tinene kuti ameneyu ndi waulesi? Nanga uja dzina lake lili pakati pa mayina mazana pa pepala limodzi, bwanji amalandira ulemu wofanana ndi amene anatsogolera ntchito? Ngakhale Google Scholar ndi Scopus, nkhokwe za pa intaneti zowerengera h-index, zimapereka manambala osiyana a munthu mmodzi yemweyo.

Ndikupempha olemba ntchito ndi opereka ndalama za kafukufuku kuti aziwerenga zolembazo, monga mgwirizano wa DORA wa 2012, wokhudza kayezedwe ka ntchito za ofufuza, unalimbikitsira, nkufunsa ngati zinasintha kasamalidwe ka odwala kapena malangizo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu