Tikusiya RTMP wamba, tiyamba kulandira kanema wanu ndi SRT

Okondedwa makasitomala athu amene mumaulutsa pa intaneti kudzera kwa ife,

Tikukudziwitsani kuti kuyambira pa 1 mwezi wamawa seva yathu isiya kulandira kanema wobwera ndi RTMP wamba, njira yakale yotumizira kanema ku seva, ija yolowera pa port 1935. Muzitumiza ndi njira yatsopano ya SRT, ndipo kumene SRT ikukanika muzigwiritsa ntchito RTMPS, yomwe ndi RTMP yobisa zimene mukutumiza. Oonera anu palibe chimene asinthe, link ndi yomwe ija. Ntchito yonse ili pa kompyuta kapena encoder yanu, chipangizo kapena pulogalamu imene imakonza kanema kuti atumizidwe.

Chatichititsa ndi kaumidwe ka chithunzi kamene ambiri mwakhala mukudandaula nako. Kanema poyenda pa intaneti amadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi. RTMP imadalira TCP, njira yonyamulira mapaketi motsatana, ndipo TCP ikasowa paketi imodzi imaimitsa onse a m'mbuyo mpaka yosowayo ipezeke, liwiro n'kutsika. Pa netiweki ya foni kapena pa Wi-Fi yodzaza anthu, m'pamene mumaona nambala ya dropped frames (zithunzi zotayika) ikukwera mu OBS, pulogalamu youlutsira kanema. Komanso RTMP inapangidwira Flash, pulogalamu yakale yoonetsera kanema yomwe kampani ya Adobe inaisiya kumapeto kwa 2020, ndipo stream key yanu, kiyi yanu yachinsinsi youlutsira, imayenda poyera, yosabisika. SRT, imene kampani ya Haivision inaimasula mu 2017 kuti aliyense aigwiritse ntchito, imayenda pa UDP, njira ina yonyamulira mapaketi imene siimitsa ena paketi ikasowa. Paketi ikatayika seva imaitanitsa yokhayo, ena akupitirira ulendo, bola ifike nthawi yodikira isanathe.

Nthawi yodikirayo ndiyo latency, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya. Mukaisiya osaikhudza imakhala mamilisekondi 120, yochepa kwambiri kwa amene intaneti yawo imagwedezeka. Chitani ping ku seva yathu (kuyeza mamilisekondi amene uthenga umatenga kupita ndi kubwerako), nambala imene mwapeza muichulukitse ka 4: ping ya 80 ikufuna latency yosachepera 320. Amene mumadalira data ya foni musavutike n'kuwerengera, ikani masekondi 2. Koma dziwani kuti pa adiresi ya mu OBS nambalayi imalembedwa m'mamaikirosekondi, choncho masekondi 2 ndi latency=2000000. Wolemba 2000 wapempha mamilisekondi 2 okha. Poti SRT imatenga nambala yokulirapo pakati pa yanu ndi ya seva, simudzaona uthenga uliwonse wa vuto, koma chithunzi chizidukabe ngati kale.

Kusintha kwake n'kwa mphindi zochepa. OBS yanu ikhale version 25 kapena yatsopano kuposa imeneyo. Lowani pa Settings, kenako Stream, pa Service musankhe Custom. Pa Server ikani adiresi yoyamba ndi srt:// imene tikutumizireni pa imelo, yonse mmene ilili, chifukwa passphrase yobisira kanema ili momwemo. Pa Stream Key musalembepo kanthu.

Mukadali pomwepo, pitani pa Output. Kanema akhale H.264, rate control ikhale CBR, keyframe interval ikhale masekondi 2. Keyframe ndi chithunzi chathunthu, pamene zithunzi zapakati zimangonyamula zimene zasintha. Ife timapereka kanema kwa oonera kudzera mu HLS, m'zidutswa za masekondi 6, ndipo chidutswa chimadulidwa pa keyframe pokha. Mukasiya keyframe interval pa 0, x264, encoder ya H.264 ya mu OBS, imatha kudikira zithunzi 250, kutanthauza masekondi opitirira 8 pa 30 fps (zithunzi 30 pa sekondi). Zidutswa zimatalika mosiyanasiyana, wongolowa kumene n'kumayang'ana mdima kwa kanthawi. Mawu akhale AAC, 128 kbps, 48 kHz, ndipo mixer kapena sound card yanu ikhalenso pa 48 kHz. Kusakaniza 44.1 ndi 48 n'chimodzi mwa zimene zimachititsa kuti mawu azisemphana ndi milomo pulogalamu ikatalika.

Za bitrate, kuchuluka kwa data imene kanema amatumiza pa sekondi, yang'anani upload osati download, ngakhale ogulitsa intaneti amakonda kutchula download chifukwa ndiyo nambala yaikulu. Pa 720p ndi 30 fps, 3000 kbps ndi yokwanira, ndipo imafuna upload ya 5 Mbps kuti patsale malo obwezera mapaketi otayika. Ngati muli ndi 3 Mbps yokha, tsikirani ku 480p pa 1500 kbps. Ife tinganene kuti 480p yosaduka iposa 1080p youma mphindi iliyonse. Pogula data kumbukirani kuti 1 Mbps imadya 450 MB pa ola, ndiye 3000 kbps pamodzi ndi mawu ndi pafupifupi 1.4 GB pa ola.

Chinthu chimodzi SRT sichotsa: oonera azikhalabe m'mbuyo ndi masekondi 20 kapena 30. Kuchedwaku n'kwa HLS, popeza player imayamba yasunga zidutswa zitatu mu buffer isanaonetse kanthu. Mukafunsa funso oonera, apatseni nthawi ayankhe.

OBS ikakana kulumikiza mukangodina Start Streaming, kawirikawiri pali zifukwa ziwiri. Mwina adiresi yadukira pokopera, passphrase n'kuperewera chilembo, kapena firewall (chitetezo cha netiweki) ya pamalo pamene muli imatseka UDP, zimene zimachitika kwambiri m'maofesi ndi m'mahotela. Yesani ndi hotspot ya foni: ikalumikiza, vuto ndi firewall. Pamenepo gwiritsani ntchito adiresi yachiwiri ya mu imelo ija, yoyamba ndi rtmps://, yodutsa pa port 443. Imabisa stream key, koma pa netiweki yofooka imavutika chimodzimodzi RTMP, choncho tsitsani bitrate.

Mpaka tsiku losinthira njira zonse zitatu zikhala zotsegula. Chonde yeserani kwa mphindi 15, pamalo ndi pa ola limene mumaulutsira nthawi zonse. Chikavuta, mu OBS pitani pa Help, Log Files, Upload Current Log File, ndipo mutitumizire link yake poyankha imelo yathu.

Ndife anu,
A gawo loona za seva ndi netiweki