Pikapu ya kaunjika muziyigula mutagona kunsi kwake

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhule ndi anzanga a kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje amene akusonkhanitsa ndalama za tiyi, za nanazi kapena za penshoni kuti agule pikapu ya fowilo, ija yokoka ndi matayala onse anayi, chifukwa zomwe ndikuona masiku ano zikundiwawa ndithu. Anthu akugula penti. Munthu waona chithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp, galimoto ikuphuliphuli, mipando yachikopa, wailesi ya sikirini, basi ndalama watumiza, osafunsa nkomwe ngati matayala akutsogolowo amakoka.

Kuno kwathu nyengo yozizira siyofanana ndi ya ku Lilongwe kumene June ndi July amangodandaula fumbi ndi mphepo. Ife chiperoni chikagwa chimatha masiku chikungowaza, chifunga mpaka osaona galimoto yomwe ili patsogolo pako pa msewu wa Bvumbwe kupita ku boma, ndiye mukangosiya tala kulowa timisewu ta m'minda ya tiyi kapena kutsetsereka kumidzi ya ku Masambanjati ndi Thekerani, dothi lofiira lija limaterera ngati therere. Nanga ikabwera mvula yeniyeni ya January ndi February? Ndipo tonse tikukumbuka mmene namondwe Freddy anasiyira misewu ndi milatho mu March 2023. Ndiye pikapu ya kuno ntchito yake ndi imeneyo, osati yojambulitsa.

Chimene ambiri sachiganizira ndi choti galimoto zimenezi zinagwirapo kale ntchito m'nyengo yozizira ya eni ake. Ku UK ndi kumpoto kwa Japan, ngati ku Hokkaido, kumagwa chipale chofewa ndipo m'misewu amathira mchere kuti chisungunuke, mchere umenewo ndi umene umadya chasisi, chitsulo chakunsi chomwe chimanyamula galimoto yonse, pang'onopang'ono kuchokera mkati. Pamwamba galimoto yokongola, kunsi dzimbiri lokhalokha, ndiye ochenjera ena amangopopera utoto wakuda kuti musaone. Chonde valani ovolosi, tengani tochi ndi kahamala, gonani kunsi kwake. Gogodani chasisi makamaka pakati pa kabini ndi bodi yakumbuyo komanso pomwe pamangiriridwa masipuling'i. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chowola chimangoti phu phu nkumayoyoka. Mukaona poti anawotcherera kapena kumata chigamba, bwererani kwanu ndi ndalama zanu, injini mutha kukonza koma chasisi yothyoka mutanyamula matumba a feteleza palibe makaniko angakuthandizeni zolongosoka.

Zina zimabweranso ndi matayala a chipale aja olembedwa studless, mapanga ake amaoneka akuya bwinobwino ogulitsa nkumati onani matayala atsopano awa. Labala yake ndi yofewa, anaipangira kozizira kwambiri, pa tala wotentha wa October satha miyezi ingati, komanso m'matope athuwa sathandiza kwenikweni. Werengeranitu ndalama ya matayala a all-terrain, oyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe, pa mtengo wogulira. Ndipo m'mbali mwa tayala mumakhala manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka chomwe linapangidwa, mukaona 2316 dziwani kuti ndi la 2016 ngakhale alipake polishi bwanji.

Tsopano fowilo yeniyeniyo. Kalaiti ka 4x4 kuyaka pa dashibodi sikutanthauza kanthu abale, pali galimoto zina zoti propu shafuti yakutsogolo, chitsulo chopititsa mphamvu ku matayala akutsogolo, anaichotsa kalekale itayamba kugogoda, koma kalaiti kakuyakabe. Uzani mwini wake kuti tiyeni ku msewu wafumbi, makamaka pokwera pomwe pali ponyowa, lowetsani 4H (fowilo ya liwiro wamba) muone, kenako imani mulowetse 4L (fowilo yokwawa, yamphamvu), ikuyenera kukwawa pang'onopang'ono injini ikulira mwamphamvu osathawitsa giya. Ngati ili ya mahabu otembenuza ndi dzanja pa matayala akutsogolo, tsikani muwatembenuze nokha pa LOCK. Wogulitsa akayamba zoti mafuta mulibe, kaya ndikuthamangira ku maliro, ameneyo pali chimene akubisa. Koma musayesere pa tala wouma ayi, mapikapu ambiriwa fowilo yake ndi yongolowetsa pofunika, mukayenda pa tala mutailowetsa mumapotokola transifa kesi, bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo.

Za mtundu anthu amakangana mpaka kutukwanizana pa bawo. Ine maganizo anga ndi oti gulani yomwe makaniko wa pa Luchenza kapena pa Chitakale angathe kuitsegula ndi masipanala ake, sipeyala nkupezeka mu Limbe tsiku lomwelo. Nchifukwa chake Toyota Hilux zakale za injini ya 3L ndi 5L zikuyendabe, Nissan Hardbody ya TD27 chimodzimodzi, Isuzu KB nayonso, zilibe liwiro koma sizinyada. Hilux ya D-4D ndi yamphamvu komanso yosamwa mafuta kwambiri, vuto imafuna dizilo woyera, ndiye mafuta akasowa tonse tikudziwa kuti zigubu za m'mbali mwa msewu timagula, wina wothira palafini wina madzi, ma injekita ake opopera dizilo mu injini akafa mtengo wake mungalire. Funsaninso za timing belt, lamba woyendetsa mavavu a injini, pa D-4D amasintha pa makilomita 150,000, ngati palibe umboni woti anasintha ingosinthani musanapite nayo kutali. Makilomita a pa dashibodi okha musawakhulupirire, amabwezedwa, onani mmene zathera mapedo, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala.

Ndipo pitani kukaiona mmamawa isanalizidwe, gwirani boneti ngati ili yozizira. Injini ya dizilo yofooka imadziwika m'mawa wa July, imavuta kulira, utsi woyera tolotolo, mwina ndi ma hita pulagi otenthetsa injini poliza okha kapena batire koma mwinanso kompuresheni yatha. Amene amakuuzani kuti bwerani masana galimoto itatenthedwa kale akudziwa chomwe akuchita. Yesaninso hita ndi fani yochotsa nthunzi pa galasi, ma waipa ndi magetsi a chifunga, anthu amaziona ngati zazing'ono mpaka tsiku lomwe akupukuta galasi ndi chipewa uku akutsetsereka pa kona.

China chomwe madalaivala achinyamata samva: fowilo imathandiza kukoka, siyithandiza kuima. Potsetsereka poterera lowetsani giya yaying'ono musiye injini igwire, osadinda buleki. Komanso pikapu yopanda katundu kumbuyo imapepuka nkumavina, matumba awiri atatu a mchenga pamwamba pa ekiselo amasintha zinthu kwambiri.

Mapepala ndisachulutse, nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zili pa bulu buku, COF ikhale yamoyo, ngati yangolowa kumene muone umboni woti duty ya MRA inalipiridwa, ndipo kusintha umwini mupite limodzi ndi mwini wake ku Road Traffic osatuma dobadoba. Zochokera ku South Africa muonetsetse kuti zili ndi chikalata cha apolisi, zina zimakhala zobedwa.

Pempho langa kwa inu akonzi, tipatseniko tsamba la zagalimoto m'Chichewa ngakhale kamodzi pamwezi, muziitana amakaniko enieni a m'magalaja aziyankha mafunso athu, chifukwa zambiri zomwe zili pa intaneti amalembera anthu oyenda pa chipale, za matope a ku Makwasa palibe akuzikamba.

Ndine wowerenga wanu,
Dalaivala wopuma ntchito,
Makwasa, Thyolo