Mwezi wa pachithunzi chija sunatuluke panyanja yathu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa chithunzi chomwe munasindikiza patsamba la zokopa alendo masabata awiri apitawa. Kukongola kwake sindikukana: bwato lili pamadzi, dzuwa likulowa kuseri kwa chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear, thambo lili psuu, ndipo pambali penipeni pa dzuwalo pali chimwezi chathunthu, chachikulu ngati lichero. Mdzukulu wanga atachiona anandifunsa kuti, "Agogo, bwanji inu simujambula zoterezi?" Funsolo linandilasa mtima. Ndagwira kamera zaka zoposa 30 kuno ku Senga Bay, kujambula maukwati, zinkhoswe ndi ana asukulu, ndipo mwezi ndimaujambula chifukwa choukonda basi, palibe amandilipira. Koma chithunzi chijachi sindingachijambule, ndipo palibe munthu pansi pano angachijambule, chifukwa zomwe chikuonetsazo sizichitika.

Mwezi umakhala wathunthu pokhapokha ukayang'anizana ndi dzuwa, ife tili pakati. Dzuwa likamalowa kumadzulo, iwo umakhala ukusuzumira kummawa. Funsani msodzi aliyense wa usipa, akuuzani, poti iwo mwezi amauwerenga kuposa kalendala: ukawala kwambiri nyali zawo sizikoka nsomba, ndipo ambiri amakhala kumtunda n'kumasoka maukonde. Mwezi womwe mungaupeze pafupi ndi dzuwa lolowa ndi kachigawo kowonda kaja, ka masiku awiri kapena atatu. Choncho wina anatenga mwezi wa pachithunzi china, mwina cha dziko lina, n'kuumata pamwamba pa nyanja yathu ndi kompyuta. Sindikuti kumata n'tchimo. Wojambula ndi penti naye amaika mwezi pomwe wafuna. Chomwe chinandiwawa n'chakuti pansi pake panangolembedwa kuti "kukongola kwa nyanja ya Malawi", osauza wowerenga kuti ndi zophatikiza. Mwana wa ku Dedza yemwe sanafikeko kunyanja adzabwera tsiku lina, adzaona mwezi weniweni ukutuluka m'madzi, n'kukhumudwa kuti wachepa.

Ndikumvetsa chomwe chimakankhira achinyamata kumata. Umaona mwezi ukutuluka wofiira, waukulu, mtima n'kudumpha, ukatulutsa foni n'kujambula umangopeza kadontho koyera ngati njere ya mpunga. Foniyo sinaname ayi. Mwezi uli kutali makilomita pafupifupi 384,400, ndipo kumwambaku umatenga malo ochepa kwambiri, theka la digiri. Tambasulani dzanja, chikhadabo cha chala chaching'ono chimauphimba wonse. Yesani pamene ukutuluka, mudzayesenso uli pamutu pakati pa usiku: chikhadabo chomwecho chikwanira. Kukula kumene timaona ukakhala pafupi ndi mitengo ndi mapiri kumachokera m'mutu mwathu, kamera sikuona.

Ndiye wofuna mwezi waukulu pachithunzi popanda kunama achite chiyani? Ayende. Apa ndi pomwe pagona luso lonse, ndipo ine zinanditengera zaka kuti ndizimvetse. Mwezi sungauyandikire, koma chinthu chomwe ukufuna chikhale patsogolo pake ukhoza kuchitalikira. Ukabwerera mmbuyo mlambe umachepa, mwezi suchepa. Kawerengedwe kake n'kosavuta: pa mita iliyonse ya kutalika kwa chinthucho, talikira mamita pafupifupi 110, ndipo chidzaoneka chofanana ndi mwezi. Munthu woimirira, mamita ngati 200, mabwalo awiri a mpira. Bwato la mamita 9, kilomita imodzi. Mlambe wa mamita 15, kupitirira kilomita ndi theka. Ukafika pamenepo umagwiritsa lenzi yaitali kuti zonse ziwiri ziyandikire pamodzi. Yanga ndi ya mamilimita 300, yakale, ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito ku Lilongwe. M'masiku a filimu inkandipatsa mwezi wosakwana mamilimita atatu panegativu, pomwe lenzi wamba ya 50 inkandipatsa theka la milimita. N'zochepa, koma ndi zenizeni.

Kuyendako sikungoyenda chisawawa. Mwezi sutulukira malo amodzi chaka chonse. M'nyengo yozizira, Juni ndi Julayi, wathunthu umatulukira chakummwera kwa kummawa; mu Disembala umasunthira chakumpoto. Ndikafuna kuti utulukire pafupi ndi chilumba cha Namalenje ndimayamba dzulo lake kukaona pomwe watulukira, n'kuika mwala pamchenga poti ndidzaime. Ndipo ukangoonekera sudikira munthu. Pa mphindi ziwiri zokha umakhala wasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake. Wochedwa kukonza kamera amaupeza wakwera kale, wasiya bwato mumdima.

Chinsinsi china chomwe ndimauza anyamata obwera kudzaphunzira kwa ine ndi cha tsiku. Ambiri amadikira usiku wa mwezi wathunthu, mdima utagwa bii. Pamenepo kamera imakakamizika kusankha: ikaonetsa nyanja mwezi umapsa n'kukhala chibulu choyera chopanda nkhope, ikaonetsa nkhope ya mwezi china chilichonse chimada. Akuluakulu anati mwezi satungira mkanda, ndipo kamera imavomereza mawu amenewa; kuwala komwe mwezi umaponya pansi n'kochepa zedi poyerekeza ndi kuwala kwa nkhope yake. Tsiku labwino ndi lotsogolera mwezi wathunthu. Popeza tsiku lililonse umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50, patsikulo umatuluka dzuwa lisanalowe. Mchenga ukadali wowala, malaya a asodzi akuoneka mitundu yake, ndipo mwezi uli potero, wozungulira ndithu moti diso silingadziwe kuti watsala pang'ono kukwanira.

Ukakwera pamwamba, muujambule ngati mukujambula mwala masana, chifukwa ndi mwaladi womwe ukuwombedwa ndi dzuwa. Ine ndimayambira pa f/11 (kukula kwa bowo lolowera kuwala m'lenzi), ISO 100 (mmene kamera imamvera kuwala), shata (kachitseko kolowetsa kuwalako) pa 1/100 ya sekondi, kenako n'kumasintha pang'onopang'ono. Wa foni akhudze mweziwo pagalasi n'kutsitsa kuwala mpaka mabanga akuda aja aonekere. Choimikapo kamera cha miyendo itatu sichofunika kugula. Kathumba ka mchenga pamwamba pa bwato lovundikira kandithandiza zaka zonsezi. Ndipo wofuna maenje ndi mapiri a pamwezi asavutike ndi wathunthu, umaoneka fulati ngati mbale. Adikire uli theka, ayang'ane pamalire a mbali yowala ndi yamdima, pomwe zithunzithunzi za mapiriwo zimatalika monga zimachitira za mitengo mmawa. Ndichenjezeponso kuti mafoni ena amasiku ano akazindikira kuti ukujambula mwezi amawonjezera okha timizere ndi timabanga. Mwini foni amanyadira, osadziwa kuti mbali ina ya chithunzicho sinadutse m'lenzi yake.

Pali chinanso chomwe chimaulula mwezi wobwereka. Kuno kwathu, poti tili kufupi ndi mzere wa pakati pa dziko lapansi, kachigawo ka mwezi watsopano nthawi zambiri kamagona chagada ngati kabwato, nsonga zake zikuloza kumwamba. Kumaiko a ku Ulaya nthawi zambiri kamaima chopendekeka. Ndikaona kalendala kapena chikwangwani cha konkuno chili ndi mwezi woimirira njo pamwamba pa phiri la Mulanje, ndimadziwa kuti wojambulayo sanatuluke panja kukayang'ana. Ndinakulira m'mudzi momwe kuoneka kwa kachigawo kameneka inali nkhani. Tinkadziwa kuti posachedwa atsikana ayamba kuvina chitelera pabwalo ndipo ife tisewera chipako mpaka kuitanidwa. Anansi anga achisilamu mpaka lero amaima pagombe madzulo kufunafuna kachigawo komweko kuti adziwe za kuyamba ndi kutha kwa Ramadan. Kwa iwo chithunzi cha mwezi chopanda tsiku ndi malo sichokongoletsa chabe, chikhoza kusocheretsa.

N'chifukwa chake pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi la mawu ochepa olembedwa pansi pa chithunzi. Lembani malo, tsiku, nthawi ndi dzina la wojambula. Ngati ndi zithunzi ziwiri zophatikizidwa, nenani choncho, palibe chamanyazi. Chithunzi chija chomwe William Anders anajambula pa 24 Disembala 1968 ali m'chombo cha Apollo 8 chomwe chinkazungulira mwezi, dziko lapansi likuonekera pamwamba pa nthaka yotuwa ya mwezi, chimagwirabe anthu mtima mpaka lero chifukwa timadziwa kuti munthu analidi pamenepo pa ola limenelo. Ndipemphenso okonza masamba anu kuti asamadule nthaka n'kusiya mwezi wokhawokha pakati pa mdima. Pepala la nyuzipepala limamwa inki, chakuda chimasanduka matope, ndipo mwezi wopanda mtengo, denga kapena munthu pansi pake ndi womwewo kulikonse padziko. Chomwe chimaupanga kukhala wa ku Nkhotakota kapena wa ku Zomba ndi chimene chili pansi pakepo.

Ndakutumizirani zithunzi zanga ziwiri, zonse za pa 7 Seputembala 2025, tsiku la kadamsana wa mwezi. Wa pa 27 Julayi 2018, yemwe mwezi unaphimbika wonse kwa ola limodzi ndi mphindi 43, ndinamujambula mwera ukuwomba, ndipo kamera inkagwedezeka moti zithunzi zambiri zinatuluka zosaoneka bwino. Ulendo uno kunali bata. Chithunzi choyamba ndinachijambula dzuwa litangolowa. Mwezi unatuluka wofiira chifukwa cha utsi wa moto wa m'tchire womwe umadzaza mlengalenga miyezi imeneyi, ndipo ana omwe anandizungulira anayamba kufuula kuti kadamsana wayamba, pomwe anali asanafike poonekera. Pansi pake pali bwato la anthu awiri, lomwe linali kutali pafupifupi kilomita imodzi, ndipo mmodzi mwa iwo waimirira. Chachiwiri ndi cha m'ma 8 koloko usiku, mwezi utalowa wonse m'chithunzithunzi cha dziko, kufiira kwake kuli kwa mtundu wina, ngati njerwa yowotcha bwino. Unazirala kwambiri moti shata ndinaitsegula pafupifupi sekondi yathunthu, ndipo nyenyezi zomwe zimabisika mwezi ukawala zinaonekera mozungulira. Pachithunzi chachiwirichi mwezi ndi waung'ono, uli pakona yakumanja, ndipo mmunsi muli nsonga za masamba a mgwalangwa wa kuseri kwa nyumba yanga. Mukachisindikiza, chonde masambawo musawadule.

Ine wanu,
Wojambula zithunzi,
Senga Bay, Salima