Kwa makasitomala athu: mitengo ikwera, ndipo titseka masabata awiri

Okondedwa makasitomala athu, abambo ndi amayi, aphunzitsi, akwaya ndi atsogoleri a mipingo,

Kuyambira pa 1 mwezi wamawa mitengo yojambulira ndi kukonza mavidiyo pa situdiyo yathu pano pa Kasungu boma ikwera, ndipo masabata awiri oyambirira a mweziwo tidzakhala titatseka kuti tiike makina atsopano. Kalata iyi sindinafune kuilemba. Munthu amene wagwira ntchito zaka zoposa khumi pamalo amodzi sayenera kumafotokozera aliyense chifukwa chimene akugulira kompyuta. Koma nkhani zayamba kale kuyenda mumsika. Ena akuti taona alimi agulitsa fodya ku Chinkhoma ndiye tikufuna kuwakama. Ena akuti ndalama za maukwati awo ndi zomwe tikumwaza pojambula maphunziro aulere a ana a eni. Ndiye ndi bwino mumve kwa mwiniwakene.

Kompyuta imene yakonza maukwati, zinkhoswe, masendofu ndi nyimbo zanu zaka zonsezi imayendera Windows 10. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo zotchinjiriza ku mavairasi atsopano sizikubweranso ngati kale. Kunyumba kwa munthu mwina si nkhani yaikulu, koma pano tsiku lililonse pamalowa mafulashi ndi mamemore khadi a anthu osiyanasiyana, ena atadutsa kale m'makompyuta a oika nyimbo kumsika. Vairasi imodzi ikangolowa, ukwati wa mwana wanu wapita, ndipo ukwati saubwereza. Windows 11, yomwe inalowa m'malo mwake, nayo yakana kulowa mu kompyuta yathu, chifukwa imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo. Yathu ndi yakale kuposa pamenepo.

Pulogalamu yokonzera mavidiyo nayo yakalamba. Takhala tikugwiritsa ntchito Adobe Premiere Pro CS6, yomwe inatuluka mu 2012, ija unkagula kamodzi n'kukhala yako. Kuyambira 2013 pulogalamuyi imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndipo kwa ife kuno ndiye kuti madola. Ife tinangokakamira yakaleyo. Koma mafoni amene mwagula masiku ano ambiri amajambula 4K, zithunzi zowala kwambiri koma zolemera, ndipo amasunga vidiyo mwa njira ya HEVC, yomwe CS6 siitsegula. Mukatibweretsera tizidutswa ta pafoni kuti tiphatikize ndi za kamera yathu, timayamba tatitembenuza kaye, ntchito ya maola ambiri imene sitinakulipiritsenipo. Kenako kompyuta imatha usiku wonse ikutulutsa vidiyo imodzi, ndipo magetsi akazima pakati pa usiku timayambanso pachiyambi. Zili ngati kuuza ngolo ya ng'ombe kuti isenze mabelo a thiraki. Inu amene mwadikirapo vidiyo yanu mwezi wathunthu mukudziwa zimene ndikunena.

Tasankha kusamukira ku DaVinci Resolve, pulogalamu ina yokonzera mavidiyo ya kampani ya Blackmagic Design, chifukwa ili ndi mtundu waulere wosafuna madola mwezi uliwonse. Koma yaulereyo imafuna kompyuta yamphamvu, RAM (memore yogwirira ntchito) yosachepera 16GB ndi khadi labwino la zithunzi. Tagulanso SSD (chosungira mafailo chachangu), ma hard disk awiri oti ntchito iliyonse izisungidwa pawiri, inveta ndi mabatire.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Papepala mtengo wa dola uli cha pa K1,750, koma pitani ku banki mukaipemphe. Ine ndinalemba mafomu, ndinapereka ma invoisi onse amene anafuna, yankho n'kukhala lakuti dikirani, madola palibe. Kudikira mpaka liti, ntchito za anthu zili pa tebulo? Ogulitsa makompyuta nawo amawerengera katundu wawo pa mtengo wa dola ya kuseri, womwe ndi woposa kawiri wa ku banki, n'kuonjezapo msonkho. Sitolo ina ku Lilongwe inatipatsa mtengo, tinalipira dipoziti, tsiku lokatenga katundu akutiuza kuti mtengo wasintha, ndipo ngati sitikufuna atibwezera ndalama zathu ikatha miyezi. Ananena izi mosaphethira, podziwa kuti munthu wayenda ulendo wa pa M1 kuchoka ku Kasungu ndipo sangabwerere chimanjamanja. Amenewa palibe amawafunsa kuti alembere makasitomala awo kalata. Amene timafunsidwa ndife a kuno kumudzi, amene timakumana nanu kutchalitchi ndi kumaliro.

Tsopano za maphunziro aulere. N'zoona, situdiyo ino imajambula aphunzitsi odzipereka akuphunzitsa masamu, sayansi, Chingerezi ndi Chichewa kwa ana okonzekera mayeso a MANEB, a Sitandade 8, a JCE ndi a MSCE. Mwana akabwera ndi memore khadi timamuikira osalipira kanthu, aphunzitsiwo salandira kanthu, ifenso sitipezapo kanthu. Ntchitoyi inayamba kalekale, koma inakula sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, pamene makolo ochokera ku Santhe, ku Chamama, ku Nkhamenya ndi ku Mtunthama ankabwera ndi mafoni a mabatani kudzatengera ana awo maphunziro. Mwana wa ku sekondale yoyendera ya kumudzi, komwe kulibe labotale, amaona pa foni mmene asidi amasinthira mtundu wa pepala la litimasi, chinthu chomwe akanangochimva m'kalasi. Maphunziro amenewa timawakonza usiku ndi masiku amene kulibe ukwati, ndipo si amene akalambitsa kompyuta. Ngakhale tikanawasiya lero, Windows 10 ikanathabe ndipo dola ikanakwerabe. Sindiwasiya, ndipo amene akundiuza kuti ndiwasiye kuti mtengo wa ukwati utsike andikhululukire, chifukwa sungatsike ndi tambala yomwe. Ndi makina atsopano tidzathanso kuika mawu olembedwa pansi pa chithunzi kuti ana ovutika kumva azitsatira, ndi kuchepetsa kukula kwa mafailo kuti khadi laling'ono lizinyamula maphunziro ambiri.

Mitengo ikwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mndandanda wake taumata pakhomo la situdiyo. Amene munalipira kale dipoziti mtengo wanu susintha. Masiku otsekawo kujambula maukwati amene munasungitsa kale kupitirira, kungoti mavidiyo ake adzachedwa kutuluka. Mavidiyo akale omalizidwa ndi osungika, koma amene mukufuna kuti tisinthe kanthu mu ntchito yakale mubwere mwezi uno usanathe, chifukwa mapulojekiti a CS6 satseguka mwachindunji mu pulogalamu yatsopanoyi. DVD tizipanga pokhapokha mwapempha. Kulipira ndi monga kale, pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Ndikudziwa kuti pano pa boma pabwera anyamata ambiri ojambula ndi mafoni pa mtengo wotsika, ndipo ndikudziwanso kuti matumba a aliyense aphwa, feteleza ndi fizi zikudikira. Sindingakukakamizeni. Ndikungopempha kuti musanapite kwina mudzayambe mwafika tidzakambirane, ngakhale zolipira pang'onopang'ono tikhoza kumvana, makamaka makwaya ndi magulu a amayi. Ena mwa inu tinakujambulani pa chinkhoswe, kenako pa ubatizo wa mwana, lero mwana yemweyo akubwera kudzatenga maphunziro a Sitandade 8. Zikomo kwambiri chifukwa chosatitaya zaka zonsezi, ndipo chonde musatitaye pano.

Aphunzitsi amene munakonzeka kujambulitsa maphunziro mwezi wamawa, tidzakuimbirani mmodzimmodzi kuti tipangane masiku ena tikatsegula. Nambala yathu ndi yomwe ija ili pa malisiti anu.

Ine wanu,
Mwini situdiyo, Kasungu