Kalata kwa mdzukulu: kujambula masamba pa nsalu ndi dzuwa

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikufuna ndikuphunzitse luso lina limene wojambula wake ndi dzuwa. Umayala masamba pa nsalu yopakidwa mankhwala, n'kuiika padzuwa, kenako n'kuitsuka. Pamene dzuwa linawomba pamasanduka buluu, pamene tsamba linaphimba pamatsala poyera mbee. Njirayi imatchedwa cyanotype. Anaitulukira ndi katswiri wa sayansi Sir John Herschel ku England mu 1842, ndipo mu 1843 mayi wina dzina lake Anna Atkins anayamba kujambulira nayo zomera za m'nyanja.

Zosakaniza mankhwala si zako ayi. Ndime ino uwapatse amayi ako awerenge. Mankhwala ake ndi awiri. Asungunule magalamu 25 a ferric ammonium citrate, wa mtundu wobiriwira, m'madzi oyera okwana mamililita 100. M'botolo lina asungunule magalamu 10 a potassium ferricyanide m'madzi okwananso mamililita 100. Mabotolo akhale akuda, olembedwa, ndipo azikhala patali ndi iwe komanso patali ndi asidi aliyense wamphamvu, chifukwa mankhwala achiwiriwo akakumana ndi asidi wotero amatulutsa mpweya woipa. Pa tsiku la ntchito ndi pamene asakanize muyeso wofanana wa awiriwo, wongokwanira tsikulo, popeza akasakanizidwa sachedwa kutha mphamvu. Botolo loyambalo likachita chuku pamwamba, angosefa, mankhwalawo amakhala adakali abwino.

Nsalu isankhidwe ya thonje, yoyera. Ya nayiloni kapena poliyesita siimwa mankhwala, chithunzi chimangochoka potsuka. Yatsopano iyambe yachapidwa ndi kusitidwa, chifukwa imabwera ndi phala lokhwimitsa limene limatchinga mankhwala. Amayi avale magolovesi, apake ndi siponji m'chipinda chotseka makatani, paliponse mofanana, osasiya madamu. Nsaluyo ioneka yachikasu chobiriwirako. Iume mumdima mpaka itauma gwaa. Yachinyezi imatulutsa mabala osaoneka bwino.

Tsopano ntchito yako. Apa ndiye pagona kukongola konse, ndiye usapupulume. Funa zinthu zafulati zokhala ndi m'mbali mokongola: masamba ang'onoang'ono a mphandamphanda, udzu wa ngala, nthenga, kiyi, kapena pepala lochindikala limene wadula ngati nsomba. Tsamba lochindikala limasiya poyera penipeni. Duwa lopyapyala limalola kuwala pang'ono kudutsa, ndiye limatuluka la buluu wotuwirako, mitsempha yake ikuoneka. Ine ndimakonda kuphatikiza ziwirizi pa nsalu imodzi. Masamba akhale opukutidwa, opanda mame. Ndipo usadzaze paliponse, siyako malo oti buluu aoneke.

Uli m'nyumba momwemo, yala nsalu pa thabwa, sanja masamba ako, amayi aike galasi pamwamba n'kulipana ndi thabwalo m'mbali. Galasi limeneli ndi lofunika kwambiri. Tsamba likatukuka ngakhale pang'ono, kuwala kumalowa pansi pake ndipo m'mphepete mwa chithunzi mumakhala mosaoneka bwino. Limatetezanso ku mphepo.

Tulutsani thabwalo dzuwa lili paliwombo. Nthawi zambiri mphindi 10 mpaka 20 zimakwana, koma kukachita mitambo zimatenga nthawi yaitali. Usadalire wotchi yokha, uziyang'ana mtundu. Chikasu chija chisanduka chobiriwira, kenako buluu, kenako chotuwa ngati phulusa. Ikatuwa choncho ndiye kuti yatheka, ichotse padzuwa. Ukaichotsa idakali buluu wowala, mtunduwo usuluka potsuka. Ndikudziwa kuti mtima udzafuna kusuzumira pansi pa tsamba. Usatero, ukalisuntha chithunzi chituluka pawiri.

Bwererani m'nyumba, chotsani masamba, n'kuviika nsalu m'beseni la madzi ozizira opanda sopo. Muzisintha madzi kwa mphindi zosachepera 5 mpaka chikasu chonse chitatha. Chikatsalira, malo oyera aja amadzada pambuyo pake akaona kuwala. Ukaona buluu akuoneka wofooka, usakhumudwe, amanka nakhwima ndi mpweya pakatha tsiku limodzi. Wofuna kuona msanga atha kuthira supuni imodzi ya mankhwala otsukira zilonda otchedwa hydrogen peroxide, a 3 peresenti, m'madzi otsukira omaliza, ndipo mtunduwo uda nthawi yomweyo. Yanikani pamthunzi.

Buluu ameneyu sagwirizana ndi soda, mankhwala oyeretsera zovala, ngakhalenso sopo waufa wamphamvu. Zimenezi zimamusandutsa wachikasu kapena kumufufutiratu. Nsaluyo ikada, muichape pamanja m'madzi ozizira ndi timadontho ta sopo wamadzi wofewa. Ikasuluka chifukwa chokhalitsa padzuwa, muiike m'kabati masiku angapo, mtundu wambiri ubwerera.

Yamba ndi kansalu kakang'ono kofanana ndi mpango wa m'thumba, ndipo ulembe papepala mphindi zimene kanakhala padzuwa, kuti ulendo wina udzadziwe ngati uwonjezere kapena uchepetse. Undipatsireko moni amayi ako.

Ndine,
Agogo ako okukonda