Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg: za mphete ija

Aise,

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumvera kawiri, ndipo ndaona kuti nkhani imeneyi siyoyankha uli chiimire, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembere. Kuno ku Birmingham tili bwino, kungoti kukuzizira, ndipo ikamakwana 4 koloko madzulo kunja kumakhala kutada kale. Zoti ankhoswe akumana kale ku Blantyre zandisangalatsa kwambiri. Ena a ife tinayamba kutaya mtima, tinkati udzakalamba ukudziphikira wekha.

Wafunsa za kukula kwa dayamondi wa pa mphete ya chinkhoswe. Wati anzako a kuntchito akukuuza kuti usagule wosakwana karati imodzi (muyeso umene amayezera dayamondi), apo ayi akuchikazi adzakuyesa woumira. Malangizo amenewo ndi omwe ndinamvera ine, ndiye tamva mmene zinandithera.

Ndinapita ku Jewellery Quarter konkuno, kumene kuli masitolo a mphete mbali zonse, n'kusankha mwala wa karati imodzi wokhala pamwamba penipeni, wogwiridwa ndi timano sikisi. Wogulitsa anandifunsa ntchito imene mkaziyo amagwira, ine n'kuyankha mothamanga, maso ali pa kunyezimira. Ndinalipira pang'onopang'ono kupitirira chaka. Tsono alamu ako ndi namwino, ndipo m'zipatala za kuno salola kuvala chilichonse kuyambira m'chigongono kutsika m'munsi, kupatula mphete yosalala yopanda mwala. Kuntchito inakanika pomwepo. Kunyumba nako inkakola majuzi, inkang'amba magolovesi otsukira mbale, ndipo tsiku lina inakanda mwana patsaya akumusambitsa. Kakandidwe kake kanali kochepa, koma madzulo omwewo mayi anaivula. Lero imagona m'kabokosi, m'dirowa momwe timasunga mapasipoti. Imatuluka kukakhala ukwati kapena pa Khirisimasi. Ndimati ndikaiona ndimakumbukira mashifiti ausiku amene ndinagwira kuti ndiilipire.

Choncho usanaone mwala uliwonse, yamba waganizira manja a mlamu wangayo. Wandiuza kuti ndi mphunzitsi. Ndiye kuti ndi choko tsiku lonse, kupanikizana m'minibasi, kuchapa Loweruka, kuomola nsima, kumanga chitenje. Mphete ya tsiku ndi tsiku iyenera kupirira zonsezo popanda iye kuiganizira.

Chinthu chimene sindinkachidziwa n'choti karati ndi muyeso wa kulemera, si wa kukula ayi. Karati imodzi ndi magalamu 0.2, ndiye kuti makarati asanu ndiwo galamu imodzi. Ukauyang'ana pamwamba, mwala wozungulira wa karati imodzi umakhala pafupifupi mamilimita 6.5 m'mimba mwake, pomwe wa theka la karati umakhala mamilimita 5 ndi kakang'ono. Waona? Kulemera kwawirikiza, koma diso likuona kusiyana kosafika milimita imodzi ndi theka, chifukwa kulemera kwambiri kumabisala pansi pa mwalawo. Mtengo wokha ndiye suwirikiza chabe, umadumpha kuposa pamenepo, popeza miyala ikuluikulu ndi yosowa. Komanso amalonda amadziwa kuti anthu timakonda manambala athunthu, ndiye mtengo umakwera mwadzidzidzi pa 0.50 ndi pa 1.00. Wa 0.45 ndi wa 0.50 utawaika pamodzi sungawasiyanitse, koma thumba lako lingasiyanitse.

Tachita izi: tenga rula ndi pepala, ujambule timizere tozungulira ta mamilimita 4, 5 ndi 6.5, utidule, kenako upemphe mchemwali wako wa ku Pretoria uja atiike pachala. Pa chala chowonda, ka mamilimita 5 kamadzaza bwino ndithu. Ine ndikanati ndiyambirenso, ndikanagula wa pakati pa 0.40 ndi 0.50 basi.

Ndalama zotsalazo uziike pa kadulidwe ka mwala. Dayamondi wodulidwa bwino amabweza kuwala m'maso mwako, ndipo wamng'ono amatha kuoneka wamoyo kuposa wamkulu wodulidwa mosasamala, amene amangoti mbuu ngati galasi la botolo. Za mtundu, amayeza kuyambira pa D, woyera mbee, mpaka Z, wachikasu pang'ono. Usavutike ndi D. G kapena H amaoneka woyera bwinobwino, makamaka pa golide wachikasu. Uumirire kuti akupatse satifiketi ya mwalawo yochokera ku bungwe loyeza ngati GIA kapena IGI, ndipo uwerenge mamilimita amene alembedwapo.

Kakhazikitsidwe kake n'kofunika kuposa zonsezi. Uwauze kuti ukufuna mwala ukhale pansi, pafupi ndi chala. Pali kapangidwe kena kamene amati bezel, komwe golide amazinga mwala wonse ngati mkombero wa lichero, popanda timano tokola nsalu. Anthu amati dayamondi ndi wolimba kuposa mwala uliwonse, ndipo n'zoona kuti sakandika wamba, koma ukamumenyetsa pa chitseko cha minibasi m'mphepete mwake amatha kubenthuka. Mkombero uja umateteza pamenepo.

Ku Johannesburg adzakuonetsanso adayamondi opangidwa m'labotale. Si abodza ayi, ndi kaboni yemweyo, kulimba komweko, koma mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Vuto lake n'loti ukadzafuna kugulitsa sudzapezapo kanthu kwenikweni. Kwa ine zimenezo zilibe ntchito, mphete ya chinkhoswe si mbuzi yoti udzagulitse fizi ikavuta. Koma umuuze mwiniwake chilungamo, asadzamve kwa anthu ena.

Anzako a karati imodzi aja uwauze kuti mwambo wotaya malipiro a miyezi ingapo pa mphete unafalitsidwa ndi zotsatsa malonda za kampani ya dayamondi ya De Beers, sunachokere kwa makolo a munthu aliyense. Akalimbikira, uwatengere ku Cullinan, si kutali ndi Pretoria. Kumeneko mu 1905 anakumba dayamondi wa makarati 3,106. Zidutswa zake ziwiri zazikulu zili pa ndodo ndi chisoti chaufumu ku Tower of London, ndipo nazonso zimakhalira kutsekeredwa ngati ya alamu ako.

China n'choti dayamondi amakoka mafuta. Vaselini ndi mafuta ophikira zimamudetsa msanga, koma madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wofewa zimamubwezera mwakale. Ndipo saizi ya chala usachite kulota. Tuma mng'ono wake abe mphete imene amavala kale, kapena amuyeze masana kukutentha, poti zala zimatupako m'nyengo ya Okutobala.

Undiuze tsiku la chinkhoswe msanga kuti ndipemphe tchuthi matikiti asanakwere. Alamu ako akupereka moni, ndipo ati ukabwera kumudzi usaiwale kuwasungira chambo chouma ndi ufa wa kondowole.

Ndine mnzako wa kalekale,
wa ku Birmingham